Kayendetsedwe ka ligi ya baseball yamakedzana pa kompyuta

Mu Novembala 1966, Sandy Koufax wa timu ya Los Angeles Dodgers adaitana atolankhani n'kuwauza kuti wasiya kusewera. Anali ndi zaka 30 zokha, ndipo sizoni imeneyo anali atapambana masewero 27, kuposa woponya mpira wina aliyense m'ligi zikuluzikulu ziwiri za ku America, American League ndi National League. Chigongono chake chakumanzere chinali chitagwidwa ndi nyamakazi, ndipo ankaopa kuti akaumirira dzanja lidzalumala. Kuyambira tsiku limenelo okonda baseball akhala akufunsana kuti munthu ameneyu akadafika pati dzanja likadamulola zaka zina zisanu. Funso limeneli ndi lomwe lidandikokera ine ku ligi zamakedzana za pa kompyuta, ndipo pano ndikufuna ndikuyendetseni m'njira yoyambitsira yanu, kuchokera pa tsiku loyamba mpaka ligiyo itakhazikika.

Gemu yomwe ndikambe ndi Out of the Park Baseball, yomwe anthu amangoitchula kuti OOTP. Adaiyambitsa ndi Markus Heinsohn wa ku Germany mu 1999, ndipo chaka chilichonse pamatuluka yatsopano. Amene mudasewerako Football Manager simuvutika kumvetsa: simugwira ndodo yomenyera mpira, ntchito yanu ndi kusankha osewera, kugula, kugulitsa ndi kukonza malamulo, kenako kompyuta imaseweretsa masewerowo potengera luso la munthu aliyense. Chomwe OOTP imaposera anzake n'chakuti ili ndi ziwerengero zenizeni za osewera kuyambira 1871. Mwambo wake ndi wakale kuposa makompyuta a m'nyumba. Anthu ankachita zomwezi patebulo ndi makadi ndi madayisi, pa gemu ya APBA yomwe idatuluka mu 1951 ndi ya Strat-O-Matic ya mu 1961. Kusiyana kwake n'kwakuti sizoni yomwe inkawatengera miyezi inu muimaliza tiyi asanazizire.

Simufunika kompyuta yamphamvu. Laputopu wamba ya Windows kapena Mac ikwanira, makamaka mukazimitsa zithunzi zoyenda za m'bwalo. Simufunikanso gemu ya chaka chino, chifukwa mbiri ya 1927 ndi yomweyo ngakhale mu gemu ya zaka zitatu zapitazo. Mayina a mabatani amasinthako pang'ono chaka ndi chaka, choncho ndifotokoza kwambiri ntchito ya batani lililonse kuti mulizindikire paliponse pamene aliika.

Manambala atatu oyamba kuwadziwa

Amene baseball mumaidziwa kale dumphani ndime iyi. Sewero limodzi limakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning. M'chigawo chilichonse timu imamenya mpira mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa, kenako inzake imamenyanso. Womenya akazungulira malo onse anayi n'kubwerera pomwe adayambira, timu yapeza run imodzi. Nambala yoyamba ndi ya womenya: mukaona .406 pa dzina la Ted Williams mu 1941, ndiye kuti pa maulendo 1,000 alionse akadamenya bwino maulendo 406. Wofika pa .300 ndi katswiri, ndipo chiyambire 1941 palibe wa mu American League kapena National League yemwe adafikanso pa .400 sizoni yathunthu. Yachiwiri ndi home run, mpira womenyedwa mpaka kudumpha mpanda. Yachitatu ndi ya woponya, yotchedwa ERA, yomwe imaonetsa ma run omwe amalola pa ma inning 9 alionse. Ikachepa ndiye bwino. Zina zonse muziphunzira mukuyenda.

Choyamba, lembani funso limodzi papepala

Musanatsegule gemu, khalani pansi ndi cholembera. Ligi zamakedzana zilipo za mitundu iwiri, ndipo zambiri zomwe zimafa msanga zimafa chifukwa mwini wake sadasankhe kuti akufuna uti.

Mtundu woyamba ndi wobwereza mbiri. Mumatenga sizoni imodzi, mwachitsanzo 1961, n'kuuza gemu kuti itsatire ndandanda yeniyeni ya masewero, kugulana kwenikweni kwa osewera, ngakhalenso mndandanda wa omwe adalowa m'bwalo tsiku lililonse. Chomwe mukufuna kuona n'chakuti kodi Roger Maris wa timu ya New York Yankees afikanso pa ma home run 61, kodi Yankees atenganso chikho. Mtundu wachiwiri ndi wolemba mbiri ina. Mumayambira chaka chenicheni ndi anthu enieni, koma kuchokera pamenepo zinthu zimayenda njira yawo kwa zaka makumi angapo.

Langizo langa ndi ili: yambani ndi kubwereza sizoni imodzi kuti muzolowere mabatani, kenako pitani ku mtundu wachiwiri, koma musinthe chinthu chimodzi chokha. Boston Red Sox isagulitse Babe Ruth ku New York Yankees kumapeto kwa 1919. Kapena Koufax asasiye. Kapena sitalaka ya 1994 isachitike, kuti Montreal Expos, yomwe inali itapambana masewero 74 n'kugonja 40 okha, ione mapeto a sizoni yake. Chimodzi. Mukasintha zisanu nthawi imodzi, pakatha zaka khumi simudzadziwa chomwe chidabweretsa zotsatira zomwe mukuonazo, ndipo chidwi chidzazirala. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pepala lija liikeni pafupi, mudzalifuna nthawi iliyonse gemu ikakufunsani funso.

Chachiwiri, sankhani chaka choyambira

Zaka za m'ma 1800 zisiyeni kaye. Matimu ankabadwa ndi kufa sizoni ili mkati, malamulo ankasintha pafupipafupi, ndipo mtunda wa pakati pa woponya ndi womenya udakhazikika pa mafiti 60 ndi mainchesi 6 mu 1893. Ndi nyengo yokoma kwa odziwa, koma imabalalitsa woyamba kumene.

Kuyambira 1901 mpaka 1960 zinthu n'zosavuta: ligi ziwiri, National League ndi American League, matimu 8 iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri za nyengoyi timu inkasewera masewero 154. Opambana mbali ziwirizi ankakumana mu World Series, yomwe idayamba mu 1903. Matimu 16 ndi chiwerengero chomwe mutu wa munthu ungathe kusunga. Pakatha masizoni atatu mudzakhala mukudziwa woponya wachitatu wa St. Louis Browns ngati mnansi wanu, ndipo apo m'pamene ligi imayamba kukhala yamoyo.

Mkati mwa zaka zimenezi muli nyengo zosiyana kwambiri. Isanafike 1920 mpira unkagwiritsidwa ntchito mpaka kuda ndi kufewa, ndipo sunkauluka. Chicago White Sox idatenga chikho mu 1906 itamenya ma home run 7 okha sizoni yonse, timu yonse. Frank Baker adatsogolera American League zaka zinayi zotsatizana ndi 11, 10, 12 ndi 9, ndipo anthu ankamutchula kuti Home Run Baker. Mu 1920 Ruth adamenya 54 yekha, kuposa timu ina iliyonse ya m'ligi yake. Ngati mumakonda masewero othinana, oba malo (kuthamangira ku malo otsatira mpira usanamenyedwe) ndi ochenjererana, yambirani 1901. Ngati mukufuna mpira wouluka, 1920.

Ine ndimakonda 1946. Nkhondo yatha, asilikali abwerera m'mabwalo, ndipo kutsogoloku kuli zonse zomwe zidasintha masewerowa: Jackie Robinson kulowa mu Brooklyn Dodgers pa 15 Epulo 1947, Braves kusamuka ku Boston kupita ku Milwaukee mu 1953, Dodgers ndi Giants kupita ku California mu 1958, matimu atsopano mu 1961 ndi 1962. Mumakhala ndi zaka 15 za bata kuti muphunzire, kenako ligi imakula pamodzi nanu.

Gemu idzakufunsaninso ngati mukufuna ligi zing'onozing'ono zamakedzana zomwe zinkaphunzitsa achinyamata. Zimakometsa, koma zimabweretsa osewera masauzande, fayilo imalemera ndipo kompyuta imayenda pang'onopang'ono. Pa ligi yanu yoyamba zisiyeni, pokhapokha funso lanu likhale lomwe ndikambe kumapeto kuno.

Chachitatu, luso la osewera lichokere kuti

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo musafulumire. Gemu ili ndi njira ziwiri zodziwira kuti wosewera ndi waluso motani chaka chilichonse.

Njira yoyamba imalembedwa kuti recalc. Sizoni iliyonse ikamayamba, gemu imayang'ana zomwe munthuyo adachitadi m'moyo weniweni n'kumupatsa luso logwirizana nazo. Mumasankha kuti iyang'ane chaka chimodzi, zitatu kapena zisanu. Tengani Norm Cash wa Detroit Tigers. Mu 1961 adamenya .361 n'kutsogolera ligi, chaka chotsatira adatsikira pa .243, ndipo sadafikenso pa .300 mpaka kupuma. Mukasankha chaka chimodzi, Cash wanu adzakhala chimphona mu 1961 n'kugwa mu 1962, monga zidachitikira. Mukasankha zitatu, gemu imasakaniza chaka cham'mbuyo, chomwecho ndi chakutsogolo, motero nsonga imatsika ndipo dzenje limakwiririka. Pobwereza sizoni imodzi, chaka chimodzi ndiye choyenera. Pa ligi ya zaka zambiri ndimasankha zitatu, chifukwa munthu amakhalabe yemwe mumamudziwa koma simungalosere sizoni yake mwa kungotsegula buku.

Njira yachiwiri ndi kuzimitsa recalc n'kulola gemu ikulitse ndi kukalambitsa osewera payokha. Mnyamata amabwera ndi luso lomwe angathe kufikira, koma kufika kapena kulephera zili m'manja mwa mwayi, kuvulala ndi aphunzitsi. Kumeneku mungaone Mickey Mantle akukhala wosewera wamba, ndipo wina yemwe mbiri idamuiwala akudzaza mabwalo. Ena zimawakoma, ena zimawapweteka mtima. Dzifunseni moona: kodi ndidzapirira kuona Willie Mays akulephera? Ngati yankho ndi ayi, siyani recalc yoyaka.

N'zotheka kuyatsa zonse ziwiri, ndipo pa funso ngati la Koufax muyenera kutero. Chifukwa chake n'chapafupi. Pambuyo pa 1966 palibe ziwerengero zake zenizeni zoti gemu itengereko, choncho payenera kukhala china chomukalambitsa mwachibadwa. Onetsetsaninso kuti mwazimitsa batani lopumitsa osewera molingana ndi mbiri, apo ayi adzanyamuka chaka chomwecho ngakhale dzanja lili bwino.

Pali mabokosi awiri ang'onoang'ono omwe anthu ambiri amawadumpha, onena za osewera omwe adasewera pang'ono. Mu 1957 Bob Hazle adaitanidwa ku Milwaukee Braves sizoni ili kumapeto, n'kumenya .403 pa maulendo 134 okha. Chaka chotsatira chidali chomaliza chake m'ligi yaikulu. Gemu ikakhulupirira .403 imeneyo monga ilili, idzamuseweretsa tsiku lililonse ngati Ted Williams wachiwiri. Mabokosiwo amauza gemu kuti yemwe sadafike pa maulendo akutiakuti imukokere pafupi ndi wosewera wamba, ndipo yemwe adasewera pang'ono zedi imufooketse. Manambala omwe gemu imaikamo kale ndi abwino poyambira. Chachikulu musawafufute.

Chachinayi, obwera kumene alowere khomo liti

Chaka chilichonse gemu imabweretsa osewera omwe adayambadi chaka chimenecho. Mutha kuwatumiza ku matimu awo enieni, Mantle ku Yankees ndi Mays ku Giants mu 1951, Hank Aaron ku Braves mu 1954. Muthanso kuwaika pamodzi kuti matimu asankhe mosinthana, yomwe idathera pansi n'kuyamba kusankha. M'mbiri yeniyeni kusankha kotereku kudayamba mu 1965, ndipo woyamba kutengedwa anali Rick Monday. Isanafike nthawiyo timu yolemera ndi ya maso ambiri ndiyo inkatola zonona, n'chifukwa chake Yankees idatenga chikho zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1949 mpaka 1953.

Mukafuna kuti funso lanu limodzi lija lioneke bwino, atumizeni ku matimu awo enieni. Kusankha mosinthana kumasandutsa ligi yonse m'zaka zochepa, Mantle n'kupezeka atavala yunifomu ya Browns. N'zokoma, koma kumeneko ndiye kusintha kwanu kumodzi, musawonjezerepo kwina.

Kusamuka ndi kukula kwa ligi kusiyireni gemu kuti itsatire mbiri. Imadziwa yokha kuwonjezera matimu mu 1961, 1962 ndi 1969, ndi kutalikitsa sizoni kufika pa masewero 162.

Chachisanu, mvetsani za mphika wa ligi

Ichi n'chinthu chomwe chidanditengera nthawi yaitali kuti ndichimvetse, ndipo chimasokoneza aliyense wolemba mbiri ina. Sizoni ikamayamba, gemu imadzikonza kuti ziwerengero za ligi yonse pamodzi zifanane ndi za chaka chenichenicho. Ngati m'chaka chimenecho ligi idamenya ma home run ochuluka mwakuti, yanunso idzafika chapompo. Luso la munthu limangonena kukula kwa chipande chomwe atapire mumphikamo, koma mphikawo ndi womwewo. N'chifukwa chake 1930 yanu idzakhala ya omenya, monga chaka chomwe National League yonse idamenya .303 ndipo Hack Wilson adalowetsa ma run 191. N'chifukwa chakenso 1968 yanu idzakhala ya oponya, monga pamene Bob Gibson adamaliza ndi ERA ya 1.12 ndipo Carl Yastrzemski adatsogolera American League ndi .301 yokha. Chaka chotsatira akuluakulu a ligi adatsitsa chulu choponyerapo kuchoka pa mainchesi 15 kufika pa 10.

Tsopano taonani msampha wake. Tinene kuti funso lanu ndi lakuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikadapanda kutenga osewera. Ted Williams adataya masizoni a 1943, 1944 ndi 1945, komanso mbali yaikulu ya 1952 ndi 1953 pa nkhondo ya ku Korea, koma adamalizabe ndi ma home run 521. Bob Feller adalowa usilikali wa pamadzi mu Disembala 1941 n'kubwerera chakumapeto kwa sizoni ya 1945. Mumazimitsa batani lochotsa osewera m'zaka zomwe adasowadi, ndipo onse akhala. Koma mphika wa zaka za nkhondo unali waung'ono. Mpira unkapangidwa ndi zipangizo zolowa m'malo chifukwa labala idapita ku nkhondo, ndipo mu 1944 Nick Etten adatsogolera American League ndi ma home run 22 okha. Mukasiya zinthu momwemo, Williams, Joe DiMaggio ndi Hank Greenberg adzagawana kamphika kakang'ono kameneko, ndipo mudzadabwa kuona manambala awo ali ofooka. Walira mvula walira matope: mukachotsa nkhondo, chotsaninso mpira wa nkhondo. Sizoni ya 1943 isanayambe, tsegulani tsamba la ziwerengero za ligi, lembanimo pamanja za 1941 m'malo mwa za chakacho, n'kudina batani loti gemu iwerengenso. Chitani chimodzimodzi mu 1944 ndi 1945, kenako mu 1946 ibwezereni kuti izitenga yokha.

Pa tsamba loyandikana nalo pali kaganizidwe ka makochi: oponya angati asinthane, woyamba achotsedwe msanga kapena ayi, kuba malo kuchuluke motani. Lolani gemu izisintha zimenezi chaka ndi chaka. Ed Walsh adaponya ma inning 464 mu 1908, pomwe masiku ano wofika pa 200 amatamandidwa. Kochi wa makono m'ligi ya 1908 adzakuonongerani zonse.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama ndi malamulo

Pano sindichedwapo. Mpaka Disembala 1975 wosewera anali womangidwa ku timu yake ndi ndime ya mu kontirakiti yotchedwa reserve clause, ndipo sankatha kudzisankhira kopita. Curt Flood adalimbana nayo mpaka ku khoti lalikulu n'kugonja mu 1972, koma mlandu wa Andy Messersmith ndi Dave McNally udatsegula chitseko. Uzani gemu kuti itenge malipiro ndi malamulo a chaka chilichonse, ndipo chaka chikatembenuka muziyang'ana ngati yachitadi. Yang'ananinso lamulo la womenya m'malo mwa woponya, lomwe American League idayamba mu 1973 ndipo National League idalitenga kotheratu mu 2022. Kuvulala kuikeni pansi ngati recalc ndi yoyaka, chifukwa ziwerengero zenizeni zili kale ndi zipsera za kuvulala kwenikweni.

Chachisanu ndi chiwiri, inuyo mukhala ndani

Mutha kukhala komishonala woyang'ana ligi yonse popanda timu, kapena kutenga timu imodzi. Mukatenga timu, dziwani kuti muli ndi mphamvu yomwe kompyuta ilibe: mukudziwa zakutsogolo. Mukudziwa kuti kamnyamata koponya mosalunjika ka Brooklyn mu 1955 kadzakhala Koufax. Mukapita kukamugula ndi osewera awiri okalamba, kompyuta ikhoza kuvomera, ndipo pakatha zaka zisanu mudzakhala mukupambana chaka chilichonse popanda chokoma chilichonse. Dziikireni malire n'kuwalemba pa pepala lija. Anga ndi awa: kugulana kusapitirire kawiri pa sizoni, sindigula wosewera wosakwana zaka 25 yemwe ndikudziwa kuti adadzatchuka, ndipo ndimatenga timu yomwe idathera m'munsi. Washington Senators kapena Philadelphia Athletics ya m'ma 1940 idzakupatsani ntchito yokwana zaka khumi.

Lamulo lina ndi lolemera kuposa onsewa: zomwe zachitika zachitika. Katswiri wanu akathyoka mwendo mu Seputembala, musabwerere ku fayilo ya dzulo. Tsiku lomwe mudzabwereze sewero chifukwa zotsatira sizidakukomereni, zikho zonse za m'ligimo zidzapepuka, ngakhale zomwe mudapambana mwachilungamo.

Chachisanu ndi chitatu, yesani kaye, sungani kawiri

Mukamaliza kukonza zonse, musayambe ligi yeniyeni. Koperani fayiloyo, ndipo pa kope linalo thamangitsani masizoni asanu osaima. Kenako yang'anani otsogola. Kodi woponya wopambana kwambiri ali ndi masewero oyenera nyengoyo? Kodi pali munthu wosadziwika yemwe wamenya .390? Kodi obwera kumene afika ku matimu omwe mumayembekeza? Kodi Koufax akadalipo mu 1967? Cholakwika chomwe mungachikonze m'mphindi ziwiri lero sichikonzeka ligi ikafika chaka cha 12. Mukakhutira, fufutani kope loyeseralo osawerenga zambiri, kuti lisakulaulireni zakutsogolo.

Ligi iliyonse imakhala mu foda yakeyake ya dzina lothera ndi .lg, mkati mwa foda ya saved_games. Sizoni iliyonse ikatha, tsekani gemu, koperani foda yonseyo pa fulashi, n'kulemba chaka pa dzina lake. Ine ndidataya ligi ya masizoni oposa 20 magetsi atathima gemu ili mkati mosunga, batire la laputopu litafa kale. Ndidalibe kope lina. Mpaka lero ndimakumbukira mayina a anyamata omwe ndidawalera m'ligi imeneyo, ndipo palibe njira yowabwezera.

Chachisanu ndi chinayi, liwiro ndi kaundula

Gemu imatha kumaliza zaka 50 usiku umodzi, koma mukatero mudzangokhala ndi mulu wa manambala opanda nkhope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimayendetsa sabata imodzi imodzi, n'kuima kuti ndiwerenge ndandanda ya matimu, ovulala ndi otsogola. Mu Seputembala, mpikisano ukathina, ndimayenda tsiku ndi tsiku, ndipo World Series ndimaionera mpira uliwonse.

Gulani kope la sukulu. Sizoni ikatha lembani tsamba limodzi: opambana, katswiri wa chaka, chodabwitsa chimodzi, ndi mzere umodzi woyankha funso lanu lija monga zilili pofika pano. Pambali pake lembani zomwe zidachitikadi m'mbiri. Mudzapeza kuti mukuphunzira mbiri yeniyeni mozama kuposa momwe mukadaiwerengera, chifukwa dzina lililonse lokudabwitsani limakutumizani kukafufuza kuti munthuyo anali ndani.

Mukafuna kusewera ndi anzanu, gemu imalola kuti aliyense atenge timu yake pa kompyuta yake, atumize zosankha zake kudzera pa intaneti, komishonala n'kuyendetsa masiku angapo n'kubweza fayilo yatsopano. Onse akhale ndi gemu ya chaka chimodzi. Gwirizanani masiku oyendetsera, mwina kawiri pa sabata, ndipo komishonala asaphonye, chifukwa ligi za anthu ambiri zimafa ndi kudikira. Malamulo a kugulana alembedwe sizoni yoyamba isanayambe, pomwe palibe yemwe akudziwa kuti amukomera kapena amupweteka.

Ligi yomwe ndikulakalaka mutaiyesa

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka 1947, munthu wakuda sankaloledwa m'ligi zikuluzikulu. Mu 1920 Rube Foster adasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda ku Kansas City n'kukhazikitsa Negro National League. M'ligi za anthu akuda ngati imeneyi mudasewera Oscar Charleston, Cool Papa Bell, Buck Leonard, Satchel Paige ndi Josh Gibson. Paige adalowa mu Cleveland Indians mu 1948 ali ndi zaka 42, mphamvu zake zambiri zitatsalira m'mabwalo ena. Gibson adamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, patatsala miyezi itatu kuti Robinson alowe m'bwalo ku Brooklyn. Mu Disembala 2020 Major League Baseball idavomereza kuti ligi za anthu akuda za 1920 mpaka 1948 zinali ligi zikuluzikulu, ndipo ziwerengero zitaphatikizidwa mu 2024, Gibson adakhala pamwamba pa onse ndi .372, kupitirira Ty Cobb.

OOTP ili ndi osewera amenewa, ndipo pano ndi pamene muyenera kuvomera ligi zowonjezera zija poyambitsa. Yambirani 1920. Monga komishonala, masulani akatswiri a m'ligi za anthu akuda kuti matimu 16 aja awasankhe mosinthana, ndipo chaka chilichonse muzichita chimodzimodzi ndi obwera kumene. Kumbukirani za mphika: akatswiri akachuluka chipande cha aliyense chimachepa, choncho musadabwe Ruth akalephera kufika pa 60 mu 1927, poti tsopano akukumana ndi Bullet Rogan ndi Paige wachinyamata. Gwiritsani ntchito recalc ya zaka zitatu kapena zisanu, chifukwa masizoni olembedwa a ligi zimenezi anali aafupi, ndipo tsitsani manambala a m'mabokosi awiri aja kuti gemu isawafooketse powayesa osewera a apo ndi apo. Yesani masizoni asanu pa kope loyesera, ndipo muyang'ane ngati Charleston akusewera tsiku lililonse. Akakhala pa benchi, tsitsaninso manambalawo n'kuyesanso. Akaoneka pakati pa otsogola, fufutani kopelo, bwererani ku Epulo 1920, n'kuyendetsa sabata yoyamba.